Kogona ndi RV kapena tenti ku America: adzakulandirani ndani mukafika usiku?

Munthu akamakonza ulendo wa pamsewu ku America, kaya ndi tenti kaya ndi RV, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi momwemo, amayamba n'kuyang'ana zithunzi. Nyanja yabata, mitengo ya paini, dziwe losambiramo. Zithunzizo sizinama, koma pali funso limene siziyankha: magetsi akazima 11 koloko usiku, kapena mukapeza wina waimika kalavani yake pamalo amene munalipira kale, mudzagogoda pakhomo pa ndani? Ine malo a misasa ndimawayeza ndi zinthu ziwiri. Choyamba, kodi amanena zoona musanafike? Chachiwiri, kodi pali munthu woti n'kumupeza mutafika? Dziwe ndi intaneti zimabwera pambuyo.

Funsoli lakula masiku ano chifukwa anthu achuluka. M'chaka cha 2021 chokha, mafakitale a ku America anatulutsa ma RV opitirira 600,000, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo, ndipo ambiri mwa ogulawo anali asanakokepo kalavani chibadwire. Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kuchiyambi kwa Sepitembala malo amadzadza, ogwira ntchito amatopa, ndipo m'pamene zimaonekera kuti malo odziwa kulandira alendo ndi ati.

Makampani a zikwangwani zodziwika

Dzina limene aliyense amayamba kukumana nalo ndi KOA, kampani ya misasa. Inayamba mu 1962 ku Billings, m'chigawo cha Montana, pamene Dave Drum anaona magalimoto ankhaninkhani akudutsa pa ulendo wopita ku chionetsero chachikulu cha ku Seattle, anthu ake akusowa poima. Anakonza malo m'mphepete mwa mtsinje wa Yellowstone, n'kuikapo mabafa a madzi otentha ndi kasitolo. Lero KOA ili ndi malo opitirira 500 ku America ndi ku Canada, ndipo anawagawa patatu. A Journey ali pafupi ndi misewu ikuluikulu, a munthu wogona usiku umodzi n'kulawira. A Holiday ndi okhalako masiku angapo. A Resort ndi oti mukafika simufunanso kutuluka pageti.

Chimene mumagula kumeneku si kukongola kwa malo ayi, chifukwa ena ali pambali pa msewu waphokoso kapena njanji. Mumagula mtima wokhazikika. Taganizani mwachedwa panjira, mwafika ofesi atatseka. Pakhomo pa ofesipo pamakhala bolodi kapena kabokosi, ndipo mumapezamo envulopu yolembedwa dzina lanu. M'kati muli mapu a malo onse, njira yopita pamalo anu ataijambula ndi cholembera chowala, manambala otsegulira chitseko cha kubafa, ndi nambala ya foni yoimba zinthu zikavuta. Mukafika kukadali kowala, m'malo ambiri mumapeza munthu wovala malaya achikasu akukutsogolerani pa kagalimoto ka gofu, kenako n'kutsika kuima kumbuyo kwa kalavani, akukupizani ndi manja pamene mukubwerera chafutambuyo. Munthu amene sanayeserepo kulowetsa kalavani ya mamita 10 pakati pa mtengo ndi chipilala cha magetsi, anthu oyandikana nawo akuonerera, sangadziwe kufunika kwa manja amenewo. Maukwati ambiri ayesedwa pa mphindi zimenezo.

Koma dziwani kuti malo ambiri a KOA ali ndi eni ake paokha, amene amangogwiritsa ntchito dzinalo motsatira malamulo a kampani. Chikwangwani n'chimodzi, koma mitima ya eni ndi yosiyana. Mtengo nawonso ndi wokwera poyerekeza ndi malo a boma. Kwa banja la ana ang'onoang'ono palinso Jellystone Park, imene inayamba mu 1969 ku Wisconsin. Kumeneko chilichonse anakonzera ana, ndiye wofuna bata asapiteko pa 4 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa America, n'kumadandaula phokoso. Walira mvula walira matope.

M'zaka zapitazi makampani akuluakulu ogulitsa malo akhala akugula mapaki a RV amene kale anali a mabanja. Misewu ya m'kati imakonzedwa, mabafa amakhala atsopano, zimenezo sitingakane. Chimene chimandipweteka n'chakuti m'malo ena foni imayankhidwa ndi munthu amene ali mumzinda wina, amene sanaonepo ndi maso malo akukugulitsaniwo. Mtengo umasintha malinga ndi kuchuluka kwa ofuna, ndipo ena amalipiritsa ndalama yapadera kuti akutsimikizireni kuti nambala ya malo imene mwasankha ndi imene mudzaipeze. Musanalipire, werengani bwinobwino ndalama zonse zowonjezera: ya chiweto, ya mwana wachitatu, ya galimoto yachiwiri, ndi imene amadula mukasintha maganizo.

Mapaki a banja limodzi

Apa ndi pamene pali zabwino kwambiri ndi zoipa kwambiri, ndipo apa ndi pamene mtima wanga uli. Mapaki ochuluka a RV ku America alibe dzina lodziwika. Mwini wake amagona m'nyumba ya pageti, ndi yemwe amatchetcha kapinga, ndi yemwenso amayankha foni. Munthu wotere amadziwa kuti malo a kumapeto amadikha madzi mvula ikagwa, kuti nthambi ya mtengo wa pakona imakhula denga la magalimoto aatali, ndiponso kuti makaniko wabwino wa mabuleki ali mbali iti ya tauni. Akakhala wachilungamo amakuuzani zonsezi pafoni musanamufunse. Paipi ikaphulika usiku amadzuka yekha ndi tochi, chifukwa palibe woti n'kumutuma.

Kuipa kwake n'kwakuti palibe womuyang'anira. Akakhala waulesi kapena waukali, mulibe kokadandaula. Mapaki ena asanduka midzi ya anthu okhalitsa, olipira pamwezi, ndipo mlendo wa usiku umodzi amaikidwa pampata uliwonse wotsala. Sindikunyoza okhalitsawo, ambiri ndi antchito oyendayenda ndi okalamba amene nyumba yawo ndi RV yomweyo. Koma ngati mwabwera kudzapuma, ndi bwino kudziwiratu. Palinso lamulo limene limakwiyitsa anthu ambiri: mapaki ena sakonda kulandira RV imene yapitirira zaka 10. Kawirikawiri mukatumiza chithunzi n'kuona kuti galimotoyo ndi yosamalika amavomera, koma funsani muli kunyumba, osati muli pageti dzuwa litalowa.

Chothandiza posankha ndi kayezedwe ka Good Sam, bungwe la eni ma RV limene linayamba mu 1966. Paki iliyonse ya m'ndandanda wawo amaipatsa manambala atatu, lililonse lofika pa 10: loyamba la zipangizo zimene zilipo, lachiwiri la ukhondo wa zimbudzi ndi mabafa, lachitatu la maonekedwe a malo. Ine ndimathamangira lachiwirilo. Bafa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, sungalikonze kamodzi n'kuiwala, choncho limaonetsa khalidwe la mwini malo kuposa chipata chokongola. Mamembala a Good Sam amawachotserako 10 peresenti m'mapaki ogwirizana nawo.

Malo a boma lalikulu

M'mapaki otchuka monga Yosemite, Yellowstone ndi Grand Canyon, oyang'aniridwa ndi National Park Service, bungwe la boma lalikulu la dziko lonse loona za mapaki, kuyambira pamene bungweli linakhazikitsidwa mu 1916 kapena patsogolo pake, nkhani imatembenuka. Kukongola kwa malo palibe wopikisana nako, mtengo ndi wotsika, koma musayembekezere kusamalidwa ngati kuhotela. Ku Yosemite kulibe msasa ndi umodzi womwe wokhala ndi polumikiza magetsi kapena madzi ku RV, ndipo m'misasamo mulibe mabafa osambiramo. Chakudya chonse cha ogona m'matenti, ngakhale sopo ndi mankhwala otsukira mano, chimatsekeredwa m'mabokosi achitsulo poopa zimbalangondo. Ku Yellowstone, malo okhawo okhala ndi magetsi, madzi ndi potayira zonyansa pamalo anu pomwepo ndi Fishing Bridge, ndipo kumeneko salola matenti kapena makalavani a nsalu, chifukwa cha zimbalangondo zomwezo.

Vuto lenileni limayamba musananyamuke. Malo ambiri a boma lalikulu amasungitsidwa pa tsamba la pa intaneti la Recreation.gov, ndipo ochuluka amatsegulidwa kutatsala miyezi 6. Misasa yambiri ya m'chigwa cha Yosemite imatsegulidwa pa 15 mwezi uliwonse, 7 koloko m'mawa nthawi ya ku California, ndipo ya nyengo yotentha imatha m'mphindi zochepa. Chopweteka n'chakuti mukafika mumapeza malo ena ali mbee, kakhadi ka dzina kali pachipilala koma mwini wake sanabwere. Poti mtengo ndi wochepa, anthu ena amasungitsa n'kusadzaonekera, osavutikanso kuuza aliyense, pamene banja lina labwezedwa pageti. Pamenepa wolakwa si wogwira ntchito ayi, ndi mlendo mnzathu.

Nanga wokulandirani ndani? Ma ranger, alonda a paki, alipo, koma ali ndi dera lalikulu loti aliyang'anire. Munthu amene mudzamuone tsiku lililonse ndi amene amamutcha camp host, nthawi zambiri bambo ndi mayi opuma pantchito, ongodzipereka, amene amapatsidwa malo aulere oimikapo RV yawo nyengo yonse. M'mawa mumawaona akuyenda ndi ndowa ndi fosholo, akuwola phulusa pamalo osonkhapo moto pamene alendo angochoka, akutola tizitsekerero ta mabotolo, akusintha makhadi pazipilala. Madzulo nthawi ya bata ikakwana, imene m'malo ambiri ndi 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndi iwo amene amapita modekha kukapempha woliza jenereta kuti azimitse. Alibe mphamvu yomanga munthu kapena kubweza ndalama. Chimene ali nacho ndi kudziwa malowo ndi kuwakonda, ndipo nthawi zambiri uphungu wawo wa njira yoyenda wapansi kapena nthawi yabwino yoonera nyama umaposa zolembedwa m'timabuku. Muziwapatsa moni anthu amenewa, salipidwa.

Pakatikati pamene ambiri amapaiwala

Mutandifunsa kumene ndalama yanu imagula zambiri, ndingakulozereni malo awiri. Oyamba ndi mapaki a maboma a zigawo. Ambiri ali ndi magetsi, mabafa a madzi otentha, malo otalikirana bwino, ndi ranger amene amakhala pompo. Koma chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake ndi tsamba lake losungitsira malo. Ku Florida, mwachitsanzo, nzika za chigawocho zimayamba kusungitsa kutatsala miyezi 11, obwera kuchokera kwina miyezi 10, ndipo m'nyengo yozizira mwezi umodzi umenewo ndi wokwanira kumaliza malo onse a m'mphepete mwa nyanja. Zigawo zina zimalipiritsa alendo ochokera kunja kwa chigawo ndalama yochulukirapo.

Achiwiri ndi misasa ya Army Corps of Engineers, nthambi ya asilikali yomanga madamu. M'mbali mwa nyanja zimene madamuwo anapanga anakonzamo misasa yambiri, ndipo kamangidwe kake kamaoneka kuti n'ka mainjiniya: malo osalazidwa bwino, otakasuka, ambiri okhala ndi magetsi ndi madzi. Pageti pamakhala wolandira alendo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mageti ena amatsekedwa usiku, ndiye mukadziwa kuti muchedwa imbani foni dzuwa lisanalowe. Nzika za America ndi okhala m'dzikomo mokhazikika amene akwanitsa zaka 62 amatha kugula Senior Pass, imene imadula theka la mtengo wa msasa m'malo ambiri a boma lalikulu; mlendo wochokera kunja sangaipeze.

Pamunda pa munthu

Njira ina imene yakula ndi kugona pamalo a munthu wamba. Harvest Hosts, imene inayamba mu 2010, imalumikiza eni ma RV ndi minda ya mpesa, mafamu, ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale. Mumalipira umembala wa pachaka, kugonako n'kwaulere usiku umodzi, koma mumayembekezeka kugulako kena kake kwa mwini malo, kaya botolo la vinyo, tchizi kapena uchi. RV yanu iyenera kukhala ndi chimbudzi ndi madzi ake, matenti salola, ndipo mufike nthawi ya ntchito isanathe. Hipcamp, ya mu 2013, ndi yotakasukirapo: eni malo amalipiritsa, ndipo matenti amaloledwa.

Apa mlendo ndi mlendodi, osati kasitomala chabe. Mlimi angathe kukuonetsani mbuzi zake, kukufotokozerani za chilala cha chaka chatha, kenako n'kubwerera ku ntchito yake. Ndi kulandiridwa kokoma kuposa kwina kulikonse, koma n'kosadalirika kwa munthu wa mavuto. Batire ikatha kapena thanki ikadzadza, si udindo wake. Ndipo poti mlendo ndi mame, m'mawa muzinyamuka.

Kopanda wokulandirani

Kumadzulo kwa America kuli malo aakulu a Bureau of Land Management, maekala pafupifupi 245 miliyoni, ndi nkhalango za Forest Service, zonsezi nthambi za boma lalikulu, kumene m'madera ambiri mungaime kwaulere. Lamulo lofala ndi masiku 14 pamalo amodzi, kenako musamuke. Kulibe mpope, kulibe chimbudzi, kulibe bini, mwina ngakhale netiweki. Zimene mwabwera nazo mubwerere nazo. Ku Quartzsite, m'chipululu cha Arizona, anthu zikwizikwi othawa chisanu amakhala kuyambira pa 15 Sepitembala mpaka pa 15 Epulo pa chilolezo cha nyengo yonse, ndipo kumeneko kuliko potunga madzi ndi potayira zonyansa. Ndi moyo wabwino kwa amene waidziwa galimoto yake. Kwa woyamba kumene sindingalimbikitse. Tayala likaphulika kapena mvula ikasandutsa msewu matope, wokuthandizani ndi amene wangopezeka pafupi.

Mafunso amene amaulula malo

Pali njira yosavuta yoyezera malo aliwonse a anthu wamba: imbani foni. Osangodina pa intaneti. Mayankho ake ndi ofunika, koma kayankhidwe kake n'kofunika koposa.

Yambani ndi magetsi. Ma RV a ku America amagwiritsa ntchito ma amp (muyezo wa kuchuluka kwa magetsi) 30 kapena 50, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene manambalawo akuonekera. Soketi ya 30 imapereka mawati 3,600, pamene ya 50 imafika 12,000, chifukwa ili ndi mizere iwiri ya magetsi. Galimoto ya makina awiri oziziritsira mpweya ikaikidwa pa 30, muziyatsa amodzi basi, ndipo wina akayatsa ketulo swichi imagwa. M'mapaki akale, masana otentha aliyense atayatsa makina ake, mphamvu ya magetsi imatsika, ndipo kutsikako kumawononga makinawo mwakachetechete. N'chifukwa chake oyenda ozolowera amakhala ndi kachipangizo koteteza kamene amayamba kukalumikiza pachipilala asanalumikize galimoto, ndiponso kena kochepetsa mphamvu ya madzi kuti mapaipi a m'kati asaphulike. Mukapeza soketi yakuda, yosungunuka m'mbali, musalumikize. Pitani ku ofesi. Mmene adzakuyankhireni pamenepo mudzadziwa zonse za malowo. Abwino amabwera ndi mita yoyezera n'kusintha soketiyo kapena kukusamutsani. Oipa amati vuto ndi galimoto yanu asanaione n'komwe.

Kenako kutalika. Auzeni kutalika kwa kalavani pamodzi ndi galimoto yoikoka, komanso ngati ili ndi zipinda zotuluka m'mbali. Funsani ngati malowo ndi olowa uku n'kutulukira uko, kapena olowa chafutambuyo. Munthu woidziwa paki yake amakuyankhani ndi nambala ya malo: uyu akukwanani, uyo ayi chifukwa pali mtengo. Wongofuna ndalama amati paliponse m'pabwino. Funsaninso za kufika mochedwa, za kubweza ndalama galimoto ikawonongeka panjira kapena kukabuka moto wolusa m'deralo, ndi za nkhuni. M'zigawo zambiri saloleza kubweretsa nkhuni zochokera kutali, chifukwa cha tizilombo monga kaja kobiriwira kamene kanapezeka ku Michigan mu 2002 n'kupha mitengo ya ash mamiliyoni ambiri. Akakukanizani nkhuni zanu sikuti akufuna kukugulitsani zawo chabe.

Ndemanga za pa intaneti muziziwerenga mosankha. Nyenyezi zisanu za munthu amene anagona usiku umodzi nyengo yabwino sizikuuzani kanthu, ndipo nyenyezi imodzi ya munthu wodandaula udzudzu m'mphepete mwa nyanja nayonso ayi. Funani ndemanga za masiku amene zinthu zinavuta, muone zimene ogwira ntchito anachita. Onaninso mmene mwini malo amayankhira omudzudzula: amene amalalatira mlendo pagulu adzakulalatirani inunso pageti. Ndipo yang'anani deti, chifukwa paki ikagulitsidwa imasintha m'nyengo imodzi, kupita kuabwino kapena kuoipa.

Mawu amodzi ponena za ogwira ntchito. M'mapaki ambiri a anthu wamba, amene ali pa kauntala ndi oyenda anzanu, ogwira ntchito maola angapo pamlungu posinthana ndi malo oimika RV yawo, mwina ndi kamalipiro pang'ono. Mitengo sanaike ndi iwo, lamulo la zaka 10 sanapange ndi iwo. Vuto likapezeka nenani nthawi yomweyo, mwaulemu, pamene angathe kulikonza. Kudikira mpaka mutachoka n'kukalemba zaukali pa intaneti sikukonza mpope.

Tsono musankhe chiyani? Ngati ndi ulendo wanu woyamba ndi RV, makamaka yobwereka, masiku awiri oyambirira gonani pamalo okhala ndi ofesi, magetsi ndi munthu wokutsogolerani, ngakhale akhale odula. Kumeneko mudzaphunzira kulumikiza mapaipi ndi kukhuthula mathanki pali woti n'kumufunsa. Mukazolowera, pitani ku mapaki a zigawo ndi a Army Corps of Engineers, ndipo kumeneko ndi kumene ndingakhalitse. Mapaki otchuka a boma lalikulu asungitseni miyezi ingapo pasadakhale, mulowemo thanki ya madzi itadzadza, ya zonyansa ili yopanda kanthu, mabatire ali ndi moto. Minda ya anthu ikhale ya usiku umodzi pakati pa ulendo wautali. Wa tenti ali ndi mwayi wina: misasa ing'onoing'ono ya Forest Service, kumene makalavani aakulu sakwana, imakhala yabata ndi yotsika mtengo, ndipo ina mwa iyo sasungitsa n'komwe. Wofika msanga ndiye amatenga malo, choncho kumeneko fikani m'mawa, pakati pa mlungu, muli ndi ndalama zapamanja zoika mu envulopu ya pageti.